Mboni Isasanduke Nkhoswe: Nkhani za pa Kanema ndi Mlimi wa ku Lundazi

Boma la Lundazi lili pa mtunda wa makilomita oposa 700 kuchokera ku Lusaka, kumene kuli nyumba ya malamulo, maofesi a nduna ndi malikulu a mawailesi a kanema, ndipo kutalika kumeneku ndiko kumachititsa kuti zambiri zimene munthu wa kwa Mwase, kwa Mphamba kapena kwa Kapichila amadziwa za kayendetsedwe ka dziko zikhale zongouzidwa. Kanema salinso chinthu cha m'tauni mokha, pakuti mapanelo a sola ndi madishi afika m'magolosale ndi m'nyumba za aphunzitsi ndi alimi ena, moti ikakwana 19:00 anthu amasonkhana kuti aonere nkhani za ZNBC, wailesi ya dziko lonse imene imayendetsedwa ndi ndalama za anthu. Chodandaulitsa ndi chakuti kwa zaka zochuluka, pansi pa maboma a zipani zosiyanasiyana, chimene anthuwa akhala akupatsidwa m'dzina la nkhani ndi chisakanizo cha zochitika ndi maganizo a olamulira, ndipo chisakanizocho chimaperekedwa popanda kumuuza woonera pamene chochitika chathera ndi pamene maganizo ayambira.

Kusiyana kwa ziwirizi si nzeru yachilendo yochita kuphunzira kusukulu ya utolankhani, chifukwa aliyense amene adakhalako pabwalo la mfumu amakudziwa. Pabwalo pamakhala mboni, imene ntchito yake ndi kunena zimene idaona ndi kumva, mwakuti ng'ombe idalowa m'munda tsiku lakuti ndipo idadya mizere yakuti, ndipo pamakhalanso nkhoswe, imene aliyense amadziwa kuti yabwera kudzaimira mbale wake ndi kumuchonderera. Palibe amene amadzudzula nkhoswe chifukwa chokondera, popeza idadziwika kale kuti ili mbali iti, koma mboni ikayamba kukometsa mbali imodzi bwalo lonse limaipsera mtima, chifukwa yaba mpando wa woona n'kuugwiritsa ntchito ya woimira. Nkhani, m'tanthauzo lake la utolankhani, ndi mawu a mboni: chachitika n'chiyani, kuti, liti, wachita ndani, ndipo amene akukhudzidwa akuti chiyani. Ndemanga, monga ino, ndi mawu a nkhoswe, ndipo ili ndi ufulu wonse wotsutsa, kuyamikira ndi kuweruza, malinga ngati yalengeza poyera kuti ndi ndemanga. Mlandu wa mawailesi a kanema m'Zambia si wakuti ali ndi maganizo, koma wakuti amaveka nkhoswe malaya a mboni.

Malire amenewa adalembedwa kale m'malamulo a dziko, ndipo ichi ndicho chimakulitsa mlandu. Lamulo la ZNBC monga lidakonzedwera mu 2002 lidalamula wailesiyi kuulutsa nkhani zokwanira, zosakondera ndi zosalamulidwa ndi wina aliyense, ndiponso kuti ndemanga zizisiyanitsidwa momveka bwino ndi nkhani. Malamulo a kakhalidwe pa nthawi ya zisankho, amene ali m'lamulo la zisankho la 2016, amauza ofalitsa nkhani onse kuti azipereka malipoti oyenera ndi olingana a misonkhano ya zipani, ndipo gawo 50 la malamulo aakulu a dziko limapatsa chipani chilichonse ndi aliyense wopikisana nawo mwayi wofika kwa ofalitsa nkhani, makamaka pa nthawi yokopa anthu. Choncho mlimi wa ku Lundazi akamafuna kumva mbali zonse sakupempha chifundo kwa munthu, akungofuna chimene aphungu adamulembera okha.

Chizolowezi chokondera chili ndi mizu yaitali. Kanema adayamba ku Kitwe mu 1961, ndipo ufulu utabwera mu 1964 mawailesi adakhala m'manja mwa boma, kenako m'nthawi ya chipani chimodzi, kuyambira mu Disembala 1972, kusiyanitsa mawu a boma, a chipani cha UNIP ndi a wailesi kudalibenso tanthauzo. ZNBC idakhazikitsidwa ndi lamulo la 1987 kuti ikhale kampani yoima payokha, koma dzina lidasintha mtima osasintha. Pamene gulu la MMD linkamenyera ndale za zipani zambiri, Pulezidenti Kenneth Kaunda adaletsa manyuzipepala a boma kulemba za gululo, mpaka Arthur Wina ndi anzake a m'gululo adapita kubwalo lalikulu la milandu, limene lidagamula kuti chiletsocho chidali chosemphana ndi malamulo a dziko. Anthu a Kum'mawa ayenera kukumbukira bwino zimene zidatsatira, chifukwa pa chisankho cha 1991 UNIP idatsala ndi mipando 25 yokha mwa 150, ndipo 19 mwa mipandoyo idali ya chigawo chino. Chigawo chimene dzulo lake chinkamva chipani chake chikutamandidwa usiku uliwonse chidadzuka chili chigawo cha otsutsa, ndipo wailesi yomwe ija idayamba kuimbira Frederick Chiluba wa MMD, amene adapambana.

Mu 2002 padaoneka kuwala pang'ono. Aphungu adavomereza malamulo awiri, lina lokonza ZNBC ndi lina lokhazikitsa Independent Broadcasting Authority, mwachidule IBA, bungwe loyang'anira mawailesi ndi kupereka ziphaso zoulutsira mawu, ndipo mfundo yaikulu m'malamulo onse awiri idali yakuti akuluakulu oyang'anira mabungwewa azisankhidwa ndi komiti ya anthu ochokera m'magulu osiyanasiyana, kenako mayina awo azipita kunyumba ya malamulo. Nduna ya zofalitsa nkhani idakana kupereka mayina ena amene komitiyo idasankha, mabungwe a atolankhani motsogozedwa ndi MISA Zambia adakasuma ndipo adapambana mu 2004, koma mu 2007 bwalo lalikulu la apilo lidagamula mokomera nduna, ndipo mu 2010 malamulo adasinthidwa n'kuchotseratu komiti ija. IBA yeniyeniyo sidayambe kugwira ntchito mpaka 2013. Chimene chidatsala chamoyo pa malamulo a 2002 ndi msonkho wa kanema, umene udayambira pa K3,000 yakale pamwezi, ndiye kuti K3 ya masiku ano, n'kudzakwera kufika pa K5 mu 2018. Anthu adapatsidwa udindo wolipira, koma lonjezo lakuti wailesiyo idzakhala yawo lidabwezedwa m'thumba la nduna.

Zotsatira zake zidaonekera poyera chisankho cha 2011 chikuyandikira, pamene ZNBC idaulutsa pulogalamu ya Stand Up for Zambia yokonzedwa ndi Chanda Chimba III, imene mlungu ndi mlungu inkanyoza Michael Sata, mtsogoleri wa chipani chotsutsa cha PF, ndi ena amene ankaoneka ngati adani a boma la Rupiah Banda. Pulogalamuyo idapangidwa m'maonekedwe a kafukufuku wa mtolankhani, yokhala ndi zithunzi zakale ndi mawu a wofotokoza, ndipo mphamvu yake idali pomwepo, popeza woonera ankaganiza kuti akuonetsedwa umboni pamene ankamwetsedwa maganizo a mbali imodzi, onenedwawo osapatsidwa mpata wofanana woyankha. Achewa a tsidya la malire adaonanso zofanana ndi zimenezi pa wailesi ya MBC ku Malawi, kumene pulogalamu ya Makiyolobasi inkaseka atsogoleri otsutsa m'nthawi ya Bingu wa Mutharika.

Chipani cha PF, chimene chidalira kwambiri chifukwa cha pulogalamu imeneyi, chitalowa m'boma sichidagwetse nyumba imene chinkaidandaula, koma chidangolowamo n'kukhala. Mu Juni 2016 nyuzipepala ya The Post idatsekedwa pa nkhani ya misonkho kutatsala milungu yochepa kuti anthu avote, ndipo pa 22 Ogasiti, patangopita masiku 11 chisankho chitachitika, IBA idaimitsa ziphaso za Muvi TV, Komboni Radio ndi wailesi ya ku Itezhi-Tezhi. Nkhani yoyenera kuilingalira mofatsa ndi ya Prime TV. Mu Malichi 2019, chitangotha chisankho chachibwereza cha ku Sesheke chimene padali ziwawa, IBA idaimitsa wailesiyi kwa masiku 30, ndipo zina mwa zifukwa zimene idapereka zidali zakuti nkhani zake zidali zosalingana mbali ndiponso zodzala ndi maganizo a owulutsa. Mu Epulo 2020, pambuyo pa mkangano wokhudza kuulutsa mauthenga a mliri wa korona kwaulere, chiphaso chake chidalandidwa kotheratu, boma litalengeza kale kuti silidzagwiranso nayo ntchito, ndipo sichidabwezedwe mpaka boma litasintha mu Ogasiti 2021.

Sikofunika kuyeretsa Prime TV kuti munthu aone choipa chimene chidachitika apa. Ngakhale zitakhala kuti wailesiyo inkasakanizadi nkhani ndi maganizo, funso limene IBA sidayankhe ndi lakuti muyeso womwewo udayesedwa liti pa ZNBC, imene owona zisankho ochokera ku European Union adanena mu 2016 ndi mu 2021 kuti nkhani zake zinkakomera chipani cholamula. Palibe tsiku ndi limodzi lomwe limene ZNBC idazimitsidwa chifukwa chokondera. Lamulo lakuti nkhani isiyane ndi ndemanga ndi labwino, koma likamagwira wofooka yekha limasanduka chibonga, ndipo anthu amayamba kulida lamulolo m'malo moda dzanja limene lalipotoza. Uku ndiko kuononga kwakukulu kwa zaka zimenezo, pakuti lero mtolankhani akauzidwa kuti asiyanitse zimene waona ndi zimene akuganiza, amayamba wafunsa kuti womuuzayo watumidwa ndi ndani.

Kukondera kwa pa kanema kawirikawiri sikudzera m'bodza lamkunkhuniza, ndipo n'chifukwa chake kumavuta kukugwira. Kumadzera m'ndondomeko ya nkhani, pamene pulezidenti amayamba, wachiwiri wake n'kutsatira, nduna zitatu kapena zinayi n'kubwera pambuyo, ndipo wotsutsa, ngati waonekako, amaoneka anthu atayamba kale kubalalika. Kumadzera m'maso a kamera, imene pamsonkhano wa chipani china imajambula pamene anthu athithikana ndipo pa china imafunafuna mipando yopanda anthu. Kumadzera m'mawu a munthu, pamene wina amamveka akulankhula yekha kwa mphindi ziwiri ndipo mnzake amangoonetsedwa akugwedeza milomo, wowerenga nkhani n'kumufotokozera mwachidule. Koposa zonse kumadzera m'timawu tating'ono timene mkonzi amasankha. Kunena kuti nduna "yafotokoza" pamene wotsutsa "wangoti", kapena kuti wina "waulula" pamene mnzake "akuti", ndi kugamula mlandu m'kati mwa nkhani, chifukwa kuulula kumatanthauza kuti chinthucho n'choona ndipo chidabisidwa, pamene "akuti" amakankhira mawuwo kutali ngati mphekesera za pachitsime. Nkhani zikamasuliridwa kuchoka m'Chingerezi kupita m'Chinyanja, womasulira amakhalanso ndi mpata wina wothira mchere wakewake, ndipo Atumbuka ambiri a ku Lundazi ndi ku Chasefu, amene chiyankhulo chawo sichili m'gulu la zisanu ndi ziwiri zimene ZNBC imagwiritsa ntchito, amalandira nkhaniyo itadutsa kale m'manja awiri.

Palinso njira imene nkhani za m'maboma akutali zimafikira ku Lusaka. Zambiri zimatoledwa ndi ogwira ntchito a ZANIS, nthambi ya unduna wa zofalitsa nkhani imene ili ndi maofesi m'maboma, ndipo anthuwa, ngakhale ambiri ndi akhama ndi odziwa ntchito yawo, ndi antchito a boma amene udindo wawo ndi kufalitsa zimene boma likuchita. Chotero Lundazi amaoneka pa kanema pamene mkulu wina wabwera kudzatsegula chipatala kapena kudzayendera msewu, ndipo mlimi amaonekamo ngati wothokoza, ataima kumbuyo kwa mlendo. Mlimi yemweyo akakhala milungu yambiri akudikira malipiro a chimanga chimene adagulitsa ku FRA, bungwe la boma logula ndi kusunga chakudya, kamera imakhala itabwerera kale.

Pa zinthu zina munthu wa ku Lundazi sanamizika. Kanema akanena kuti feteleza wa FISP, ndondomeko ya boma yothandiza alimi ang'onoang'ono ndi zipangizo zaulimi, wafika kwa onse pa nthawi yake, iye amadziwa ngati gulu lake lalandira kapena ayi. Mtengo wa soya, wa thonje ndi wa mtedza amaudziwa kuposa wowerenga nkhani, ndipo chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema adachilengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko, anthu adachiona m'minda asanachimve pa wailesi. Koma pali zina zimene sangaziyese ndi maso ake, monga chimene chidachititsa kuti mu Novembala 2020 Zambia ilephere kulipira chiwongoladzanja cha madola 42.5 miliyoni pa ngongole yake yakunja, kapena chimene chili m'kati mwa bilu yosintha malamulo aakulu a dziko, kapena ngati munthu amene wamangidwa ku Lusaka wamangidwira mlandu kapena ndale. Pa zoterezi alibe munda woti akayang'anemo, ndipo amadalira mboni kotheratu. Wa mumzinda akhoza kugula manyuzipepala awiri, kufunsa loya wa pafupi kapena kupita yekha kukhothi, koma wakumudzi akanamizidwa pa zimenezi amapita nalo bodzalo mpaka m'chipinda choponyera voti. Kukondera kumapweteka kwambiri amene ali kutali, ndipo ndi iwowo amene sakhalapo pamisonkhano yokambirana za ufulu wa atolankhani m'mahotela a mu likulu.

Mawailesi a anthu wamba nawonso ali ndi mlandu wawo. Ena amayankha kukondera kwa ZNBC ndi kukondera kwawo, ngati kuti mabodza awiri otsutsana akaphatikizidwa amabala choona, ndipo ena amadzaza madzulo onse ndi anthu atatu kapena anayi ongokangana, chifukwa kuitana olankhula n'kotsika mtengo kuyerekeza ndi kutumiza mtolankhani ndi kamera ku Lumezi. Palinso mapulogalamu olipiridwa ndi andale amene amaulutsidwa ngati zokambirana wamba, woonera osauzidwa kuti wofunsidwayo ndiye wagula nthawiyo. Kumene njira imeneyi imathera kudaoneka ku America, kumene lamulo lokakamiza mawailesi kupereka mbali zonse lidachotsedwa mu 1987, ndipo mu Epulo 2023 Fox News idavomera kulipira kampani ya Dominion madola 787.5 miliyoni chifukwa choulutsa nkhani zabodza zokhudza makina owerengera mavoti. Komabe zolakwa ziwirizi sizilemera mofanana, chifukwa wailesi ya munthu payekha woonera akhoza kuitaya, pamene ZNBC amailipira ngakhale asaionere. Mawailesi a m'madera, monga Radio Chikaya ya ku Lundazi komweko ndi Breeze FM ya ku Chipata, ndiwo amapereka mpata woti munthu aimbe foni n'kufunsa khansala kapena phungu m'chiyankhulo chake, koma ndiwonso osavuta kuopseza, monga zidaonekera mu Ogasiti 2020 pamene PASME ya ku Petauke idatsekedwa molamulidwa ndi mkulu wa boma kumeneko chifukwa choulutsa pulogalamu ya a Hichilema, amene pa nthawiyo adali mtsogoleri wotsutsa.

Oteteza mchitidwewu amanena zinthu ziwiri. Choyamba amati boma ndilo limagwira ntchito zooneka, choncho n'zachibadwa kuti lizioneka kwambiri pa kanema. Izi zili ndi choona chake, pakuti kutsegulidwa kwa mlatho ndi nkhani ndithu, koma nkhani ya mlatho imakwanira pamene yanenanso mtengo wake, amene adapatsidwa ntchitoyo, nthawi imene idachedwa ndi zimene otsutsa akunena, ndipo ikangokhala nyimbo ndi kudula riboni yasanduka kukopa anthu kolipiridwa ndi msonkho. Chachiwiri amati palibe munthu wopanda mbali, choncho kufuna nkhani zosakondera ndi kulota. Koma bwalo la mfumu silidasiye kufuna mboni chifukwa chakuti mboni iliyonse ili ndi abale, m'malo mwake limaichenjeza, limaifunsa mafunso ndipo limaitana mboni ina. Chimene chikufunidwa kwa mtolankhani si kukhala wopanda mtima, koma mwambo wa ntchito umene aliyense angathe kuuyesa: kutchula kumene mawu achokera, kufunsa wonenedwayo nkhani isanaulutsidwe, kugwiritsa ntchito mneni mmodzimodzi kwa nduna ndi kwa wotsutsa, ndi kukonza poyera pamene walakwitsa.

Chodabwitsa n'chakuti kukonderaku sikudapulumutsepo chipani chilichonse. UNIP idali ndi wailesi yonse mu 1991 ndipo idagwa, MMD idali nayo mu 2011 ndipo idagwa, PF idali nayo mu 2021 ndipo idagonja ndi mavoti pafupifupi miliyoni imodzi. Chimene chimafa si chipani chotsutsa koma chikhulupiriro cha anthu pa wailesi yawo, ndipo mtengo wake umalipiridwa pa tsiku limene boma likunena zoona zofunika moyo, monga za kolera, za katemera kapena za mbewu yoyenera kubzala mvula ikachedwa, pamene anthu amene adazolowera kuchotsera theka pa chilichonse chimene kanema wanena amatembenukira ku WhatsApp ndi Facebook, kumene kulibe mkonzi ndiponso kulibe woti n'kumufunsa.

Boma la UPND, chipani cha a Hichilema, lidachita zina zoyenera kuzivomereza: Prime TV idabwerera, mlandu wonyoza pulezidenti udachotsedwa m'malamulo mu Disembala 2022, ndipo lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza zikalata ndi mauthenga a boma lidasainidwa mu Disembala 2023 patatha zaka zoposa 20 likulonjezedwa. Koma dandaulo limene a Hichilema ankapereka ali kunja, lakuti ZNBC ndi ya olamulira, ndilo likumveka tsopano m'kamwa mwa amene adatuluka m'boma, ndipo kuwayankha kuti nawonso ankatero si yankho kwa mlimi amene sadalamulirepo dziko. Akale adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo zipani zitatu zaphunzira mwambiwu mochedwa, zitataya kale mphamvu zokonzera zinthu.

Lamulo lililonse la mawailesi, lakale kapena latsopano, liyenera kuyesedwa ndi funso limodzi, lakuti ndani amasankha ndi kuchotsa akuluakulu a ZNBC ndi a IBA, ndipo ngati yankho lili nduna, ndiye kuti palibe chimene chasintha. Komiti yosankha imene idachotsedwa mu 2010 ibwezeretsedwe ndi mphamvu zenizeni. IBA iziyesa ZNBC ndi muyeso womwe imayesera ena, ndipo chilango cha wosakaniza nkhani ndi ndemanga chikhale kukonza poyera ndi kupatsa wonenedwayo mpata woyankha, osati kuzimitsa wailesi. Pulogalamu iliyonse ya ndemanga kapena yolipiridwa ndi chipani izilengezedwa motero poyamba ndi pomaliza, m'Chingerezi ndi m'ziyankhulo za anthu, ndipo pa nthawi yokopa anthu ZNBC izisindikiza mlungu uliwonse mphindi zimene yapatsa chipani chilichonse. Aphungu a Lundazi, Chasefu ndi Lumezi, a chipani chilichonse chimene ali, akanene zimenezi m'nyumba ya malamulo, pakuti anthu amene adawatuma amalipira msonkho wa kanema mofanana ndi a ku Lusaka.